Mtima Waukulu pa X-ray: Mmene Sikani Imazindikirira Matenda a Ebstein

 

Nkhani yanga lero ndi ya matenda amene ambiri mwa inu azachipatala mudzakumana nawo mwa apo ndi apo, ena mwina simudzawaona n'komwe mpaka kupuma pa ntchito. Pa ana 1,000 aliwonse obadwa pa dziko lapansi, pafupifupi 8 kapena 9 amabadwa ndi vuto lina lake la mtima. Mwa ana 100 otere, amene ali ndi matenda a Ebstein sakwana ndi mmodzi yemwe. Wina angafunse kuti, mawodi athu ali thothotho ndi malungo, chibayo ndi TB, tikutayiranji nthawi pa matenda osowa chotere? Chifukwa chake n'chakuti matenda osowa safika ku chipatala ndi dzina pamphumi. Amafika atafanana ndi matenda amene tinawazolowera, ndipo wodwala amatha zaka akumwa mankhwala a nthenda imene alibe. Chimene chimalekanitsa matenda a Ebstein ndi anzake ofanana nawo ndi muyeso umodzi waung'ono wa mamilimita ochepa, ndipo muyesowo umapezeka pa sikani ya mtima, imene ku chipatala timangoti eko.

Tiyambe ndi mtima wabwinobwino. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri kumanja ndi ziwiri kumanzere, ndipo pakati pali khoma. Magazi amene agwira ntchito m'thupi amabwerera m'chipinda chapamwamba cha kumanja, n'kutsikira m'chipinda chapansi, chimene chimawakankhira ku mapapo kuti akatenge mpweya wa okosijeni. Akachoka ku mapapo amalowa mbali ya kumanzere, ndipo imeneyo ndi yomwe imawapopera m'thupi lonse. Pakati pa chipinda chapamwamba ndi chapansi pali valavu yoletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Ya kumanzere, yotchedwa mitral, ili ndi tizitseko tiwiri. Ya kumanja, yotchedwa tricuspid, ili ndi titatu: ka kutsogolo, ka kumbuyo, ndi kamene kamakhala pa khoma lapakati.

Mwana akamaumbika m'mimba, tizitseko timeneti timapangika pomatuka pang'onopang'ono ku mnofu wa m'kati mwa chipinda chapansi, mpaka kutsala pogwirira pamwamba pokha. Pa matenda a Ebstein, kumatukako sikufika pamapeto. Kachitseko ka pa khoma ndi ka kumbuyo timakhalabe tomatirira ku mnofu, choncho malo amene timapindikira amakhala pansi kwambiri, cha kunsonga kwa mtima. Zili ngati mmisiri wakhoma chitseko pakati pa chipinda m'malo mochikhoma pa felemu yake: gawo lina la chipindacho latsala kunja, ndipo chitsekocho sichitsekeka bwino. Zotsatira zake ndi zitatu. Chipinda chopopera magazi ku mapapo chimachepa. Magazi amathawira m'mbuyo nthawi iliyonse mtima ukagunda. Ndipo chipinda chapamwamba cha kumanja chimafufuma mpaka kukula modabwitsa. Odwala ambiri amakhalanso ndi bowo pa khoma la pakati pa zipinda zapamwamba, ndipo magazi opanda okosijeni amadutsira pomwepo kupita kumanzere osafika ku mapapo. N'chifukwa chake milomo, lilime ndi zikhadabo za odwala ena zimada mobiriwira.

Dzina la matendawa linachokera kwa Wilhelm Ebstein, dokotala wa ku Germany. M'chaka cha 1864, ali wachinyamata pa chipatala china mumzinda wa Breslau, umene lero ndi Wrocław m'dziko la Poland, analandira mnyamata wa zaka 19 amene kuyambira ali mwana ankabanika komanso mtima unkamuthamanga. Mnyamatayo anamwalira patangopita masiku owerengeka. Ebstein atang'amba mtembo anapeza valavu ya kumanja itakhala malo olakwika, ndipo m'chaka cha 1866 anasindikiza zimene anaona pamodzi ndi zojambula. Taonani kuti dokotalayo anadziwa vutoli wodwala atapita kale. Zinakhala choncho kwa zaka zoposa 80. Matendawa anayamba kuzindikiridwa mwa anthu amoyo cha m'ma 1950, ndipo ngakhale pamenepo pankafunika kulowetsa kapaipi mu mtsempha mpaka kukafika mu mtima, ntchito yoopsa kwa munthu amene mtima wake suchedwa kusokonekera kagundidwe.

Chimene chinasintha zinthu chinachokera kumalo kosayembekezereka. Ku Lund, m'dziko la Sweden, kunali dokotala wa mtima dzina lake Inge Edler amene ankafuna njira yoonera valavu ya mitral asanatumize wodwala ku opaleshoni. Anagwirizana ndi katswiri wa sayansi ya fizikisi, Hellmuth Hertz, amene ankadziwa za makina ofufuzira ming'alu m'zitsulo pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso. Makina otere analipo pa fakitale yopanga sitima zapamadzi ya Kockums mumzinda wa Malmö. Hertz anayamba waika kachipangizoko pachifuwa pake, ndipo anaona chizindikiro chikuyenda mogwirizana ndi kugunda kwa mtima wake. M'chaka cha 1953 awiriwa anajambula kayendedwe ka mtima wa munthu wamoyo, ndipo apa m'pomwe eko inayambira. Poyamba inkaonetsa mizere yokhayokha yokwera ndi kutsika. Zithunzi zoonetsa zipinda zonse zikuyenda zinafala m'zaka za m'ma 1970, ndipo mitundu yoonetsa kumene magazi akulowera inabwera m'ma 1980.

Makinawa amagwira ntchito motere. Khutu la munthu limamva phokoso lonjenjemera mpaka ka 20,000 pa sekondi. Kachipangizo kamene timagwira m'manja kamatulutsa phokoso lonjenjemera ka 2 miliyoni mpaka 5 miliyoni pa sekondi tikamajambula akuluakulu, ndipo kwa makanda timakweza kuposa apo. Phokosolo limayenda m'thupi pa liwiro la mamita pafupifupi 1,540 pa sekondi. Likagunda malire a magazi ndi mnofu, lina limabwerera, ndipo makina amawerengera nthawi imene latenga kuti adziwe kuya kwa chinthucho. Ulendo wopita masentimita 10 ndi kubwerera ndi waufupi kwambiri moti ukhoza kuchitika koposa ka 7,000 pa sekondi imodzi, n'chifukwa chake timaona valavu ikutseguka ndi kutsekeka pamaso pathu. Fupa ndi mpweya zimatchinga phokosoli. Ndiye chifukwa timapaka jelo pakhungu kuti pasatsale mpweya, ndipo timafunafuna mipata ya pakati pa nthiti. Mosiyana ndi X-ray, sikani ilibe cheza choopsa, choncho tikhoza kujambula mayi woyembekezera kapena khanda mobwerezabwereza popanda nkhawa.

Tsopano tiyeni tilowe m'chipinda chojambuliramo. Wodwala agone chammbali, kumanzere kukhale pansi, mkono wamanzere autsamire kumutu kuti nthiti zitalikirane. Ngati ndi khanda, musalimbane nalo. Mayi aliyamwitse, ndipo jelo muyambe mwamufunditsa m'manja mwanu. Fufuzani ndi zala pamene mtima ukugunda kwambiri, kunsi kwa bere lamanzere, n'kuika kachipangizo pamenepo moloza ku phewa lamanja. Mukalondola bwino, zipinda zonse zinayi zimaonekera nthawi imodzi, ndipo khoma lapakati ndi mavalavu awiri zimakumana pakati m'maonekedwe a mtanda. Kumbukirani kuti pa makina ambiri nsonga ya mtima imakhala kumwamba kwa chithunzi, ndiye chimene chatsika m'thupi chimaoneka ngati chakwera.

Maso anu akhale pa mtandawo. Mu mtima wabwinobwino, mikono iwiri ya mtanda simakhala pa mzere umodzi ndendende. Valavu ya kumanja imagwira khoma motsikirako pang'ono cha kunsonga kuyerekeza ndi ya kumanzere, ndipo zimenezi n'zachibadwa. Funso ndi lakuti yatsika motani. Imitsani chithunzi, ikani kadontho koyezera pamene kachitseko ka mitral kagwira khoma, kena pamene ka tricuspid kagwira, ndipo muwerenge mamilimita. Chiwerengerocho muchigawe ndi kukula kwa khungu lonse la wodwala, kumene timakupeza kuchokera ku msinkhu ndi kulemera kwake. Zikaposa mamilimita 8 pa sikweya mita iliyonse, ganizirani za Ebstein. Kwa mwana wa zaka pafupifupi 9 kapena 10, amene khungu lake ndi sikweya mita imodzi, malire ndi mamilimita 8 omwewo. Kwa wamkulu wa sikweya mita 1.7, malire ndi mamilimita pafupifupi 14. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wojambula wothamanga amangoona chipinda chachikulu cha kumanja, n'kulemba kuti mtima wakula, osayeza.

Muyesowo ukakuuzani dzina la matenda, ntchito yagona pa kudziwa kukula kwake, chifukwa dokotala wa opaleshoni adzafuna mayankho a mafunso angapo. Loyamba ndi la kachitseko ka kutsogolo. Pa Ebstein kamakhala kakakulu ndi kotalika kuposa masiku onse, ndipo ngati kakuyenda momasuka pali chiyembekezo chabwino chokonza valavu. Ngati kamangika ku khoma m'malo ambiri, ntchito imavuta. Lachiwiri ndi la chipinda chopopera chimene chatsala, kukula kwake ndi mphamvu zake. M'chaka cha 1992, David Celermajer ndi anzake ku chipatala cha ana cha Great Ormond Street ku London anapereka njira yoyezera zimenezi mwa makanda: mumatenga kukula kwa chipinda chapamwamba cha kumanja pamodzi ndi gawo la chipinda chapansi limene latsala pamwamba pa valavu, n'kugawa ndi kukula kwa zipinda zina zonse zotsala. Yankho likakhala lochepera 0.5, matenda ndi opepukirako. Likafika 1.5 kapena kuposa, moyo wa khandalo uli pachiswe.

Lachitatu ndi la kuthawa kwa magazi, ndipo apa timayatsa mitundu. Njira imeneyi imatchedwa Doppler, potengera Christian Doppler wa ku Austria amene m'chaka cha 1842 anafotokoza mmene mafunde amasinthira gwero lake likamayandikira kapena kutalikira. Pa chithunzi, kufiira kumasonyeza magazi obwera cha ku kachipangizo, ndipo buluu ndi magazi opita kutali nako. Makolo ambiri akaona amaganiza kuti ofiira ndi magazi abwino, a buluu ndi oipa, choncho muziwafotokozera. Pa Ebstein, mtsinje wa magazi othawa umayambira m'kati mwenimweni mwa chipinda chapansi, kutali ndi pamene valavu inayenera kukhala. Nthawi zambiri umayenda mwaulesi, ndipo wosazolowera akhoza kuuchepetsa. Lachinayi ndi la bowo la pa khoma. Ngati silikuoneka bwino, timakhutchumula madzi a mchere a mu diripi m'masirinji awiri kuti achite tithovu ting'onoting'ono, n'kubaya mu mtsempha wa pamkono. Tithovuto timadzaza mbali ya kumanja, ndipo tikaonekera kumanzere mtima utangogunda kawiri kapena katatu, tadziwa kuti njira ilipo.

Ndafika pa gawo limene likutikhudza kwambiri ife a kuno kwathu. Wodwala wa Ebstein amabwera ndi befu, kutopa, mtima kuthamanga, mwina kutupa miyendo ndi chiwindi. X-ray imaonetsa mtima waukulu wodzaza chifuwa. M'zipatala zathu chithunzi chotere chimatikumbutsa matenda atatu, ndipo onse ndi ofala kuposa Ebstein.

Oyamba ndi madzi odzaza m'kathumba kokuta mtima, amene kuno kawirikawiri amayamba ndi TB. Pa X-ray kusiyanitsa n'kovuta, koma pa sikani ndi nkhani ya mphindi imodzi: madzi amaoneka ngati mzere wakuda wozungulira mtima, pamene pa Ebstein chimene chakula ndi chipinda chenichenicho. Kulakwitsa apa kumatanthauza miyezi 6 ya mankhwala a TB opanda phindu, kapena choopsa koposa, kubaya singano pofuna kukoka madzi amene kulibe.

Achiwiri ndi matenda a mavalavu obwera chifukwa cha zilonda zapakhosi zosachizidwa bwino, amene akuvutitsa ana ndi achinyamata ambiri m'Malawi ndi m'maiko oyandikana nafe. Amenewa amayamba ndi mbali ya kumanzere. Tizitseko ta mitral timakhuthala, timauma, mwina kumatirirana, ndipo valavu ya kumanja imadzavutika pambuyo pake ili pamalo pake. Mukaona mitral yosalala ndi yoyenda bwino koma kumanja kokha kutafufuma, musathamangire kulembera mwana jakisoni wa penisilini wa mwezi ndi mwezi musanayeze pa mtanda paja.

Achitatu ndi amene amasokoneza ngakhale akatswiri. Ndi matenda otchedwa endomyocardial fibrosis, amene anafotokozedwa koyamba ku Uganda m'chaka cha 1948 ndi Jack Davies. M'kati mwa chipinda chapansi mumamera chipsera cholimba chimene chimatseka nsonga ya mtima ndi kukoka valavu. Kafukufuku amene Ana Olga Mocumbi ndi anzake anasindikiza m'chaka cha 2008, atajambula anthu oposa 1,000 m'boma la Inharrime ku Mozambique, anapeza zizindikiro za matendawa mwa munthu pafupifupi mmodzi pa asanu alionse. Akagwira kumanja, nawonso amakulitsa chipinda chapamwamba ndi kuchepetsa chapansi. Kusiyana kwake n'kwakuti nsonga ya mtima imaoneka yodzaza, yowala ndi yokwinyika, wodwala amatupa mimba kwambiri kuposa miyendo, ndipo pamene kachitseko kagwira khoma pamakhala pamalo pake.

Kudziwa dzina lenileni la matenda kumasintha zochita zathu ngakhale kumene kulibe opaleshoni. Odwala ena a Ebstein amabadwa ndi njira yowonjezera ya magetsi a mtima, vuto lotchedwa Wolff-Parkinson-White, limene limaoneka pa ECG. Kwa munthu wotere, mankhwala ngati digoxin kapena verapamil, amene tinazolowera kupereka mtima ukamathamanga, akhoza kuuthamangitsa koposa mpaka kuika moyo pangozi. Choncho aliyense wopezeka ndi Ebstein ajambulidwe ECG asanalandire mankhwala otere. Kwa inu anamwino, wodwala wokhala ndi bowo pa khoma amafuna diripi yopanda kathovu ngakhale kamodzi, chifukwa mpweya kapena kachibulu ka magazi kakhoza kudutsa pa bowolo n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Kwa inu azamba, khanda la Ebstein likhoza kubadwa lobiriwira kwambiri chifukwa mitsempha ya m'mapapo imakhala ikadali yothina. M'masiku ndi masabata oyamba mitsemphayo imamasuka, ndipo makanda ena amayamba kupeza bwino. Musataye mtima msanga, lipatseni okosijeni ndi kulitumiza kumene kuli eko. Ndipo pa sikani ya mayi woyembekezera, makamaka pakati pa masabata 18 ndi 22, onani zipinda zinayi za mtima wa mwana. Mtimawo umayenera kutenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chifuwa. Ukaposa theka, mayiyo akachilire ku chipatala chachikulu.

Matendawa sakhala ofanana mwa onse. Ena amamwalira asanabadwe, ena amafika zaka 50 kapena 60 osadziwa kuti ali nawo. Amayi ambiri amene matenda awo ndi opepuka amabereka bwinobwino, bola ayezedwe asanatenge pakati ndi kutsatiridwa mpaka kuchira. Kwa amene akufunika opaleshoni, njira imene yafala masiku ano inayambitsidwa ndi dokotala José Pedro da Silva wa ku São Paulo m'dziko la Brazil m'zaka za m'ma 1990. Iye amamatula tizitseko tomatirira tija, n'kutilumikiza mozungulira, n'kutisokerera pamalo pamene valavu inayenera kukhala, kotero wodwala amatsala ndi valavu ya mnofu wake womwe. Opaleshoni yotere imachitika m'zipatala zochepa, ndipo odwala athu ambiri ofuna opaleshoni ya mtima akhala akutumizidwa kunja, makamaka ku India. Dokotala wa kutali sangaitane mwana chifukwa cha kalata yongoti mtima ndi waukulu. Amafuna zithunzi zosungidwa bwino ndi miyeso yolembedwa.

Kwa inu makolo amene muli pano, matendawa sabwera chifukwa cha ufiti, ndipo si chilango cha zimene mayi anadya kapena kuchita ali woyembekezera. Mwa ana ambiri palibe chifukwa chimodzi chimene tingaloze. Mankhwala a lithium, amene amathandiza odwala matenda ena a maganizo, amawonjezera pang'ono mpata wa vuto la mtima mwa mwana akamwedwa m'miyezi yoyamba ya pakati, koma mayi asawasiye payekha. Akambirane ndi dokotala wake asanatenge pakati. Mwana amene amatopa msanga poyamwa, kutuluka thukuta pamphumi, kupuma mothamanga, kusakwera sikelo kapena kuda milomo akamalira, mupite naye ku chipatala ndipo mufunse ngati mtima wake wayezedwa.

Makina a sikani achepa kukula ndi mtengo, ndipo ena lero amalumikizidwa ku foni ya m'manja. Eko imachitika ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, pomwe zipatala zambiri za m'maboma zili ndi makina ojambulira amayi oyembekezera. Chimene chikufunika kwambiri ndi anthu ophunzitsidwa kugwira kachipangizo pachifuwa ndi kudziwa poyang'ana. Pempho langa kwa aphunzitsi n'lakuti wophunzira aliyense asatuluke pa sukulu asanaphunzire kupeza chithunzi cha zipinda zinayi. Kwa inu ophunzira, mukaona mtima waukulu pa X-ray, musayambe mankhwala a miyezi musanauone pa sikani, ndipo mukauona, yezani pamene mavalavu awiri agwira khoma, lembani mamilimitawo m'buku la wodwala, ndipo mukakayika tumizani chithunzicho kwa amene akudziwa kuposa inu.